Kaputeni Shamilimo ndi Lole ya Maliro

Phinias Shamilimo anatumikira m'gulu la asilikali zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo pa zaka zonsezo palibe anamuonapo akuwombera munthu mfuti. Chida chake chinali sipanala, kenako cholembera. Analowa usilikali mu 1974 ngati makanika wamba, anapuma mu 1999 ali Meja, ndipo pakati pa zaka ziwirizi pali matayala, migolo ya dizilo, mabulangete, nsapato ndi matumba a nyemba zosawerengeka, zimene zinafika kumene zinali kufunika pa tsiku limene zinali kufunika. Anthu amaimbira nyimbo msilikali wa kutsogolo. Koma msilikali ameneyo akasowa madzi ndi nsapato amasanduka mlendo wosochera m'tchire, ndipo Mulungu, amene amaona ntchito zochitikira kuseri, amadziwa dzina la munthu amene anatumiza madziwo.

Anakulira ku Chinyunyu, pafupi ndi akasupe a madzi otentha. Atate ake anamwalira iye asanayambe sukulu, choncho amene anamulera ndi malume ake, a Morgan. Iwowa kwawo kunali ku Shikabeta, koma anasamukira kumsewu waukulu kudzakonza njinga pansi pa mkuyu. Sanali munthu wa mawu ambiri. Lamulo lawo linali limodzi: njinga ukaikonza, uyambe waikwera wekha pamtsetse usanaibwezere mwini wake.

Phinias anakwera pang'onopang'ono, monga umakwerera mtengo wa m'thengo: kopolo, sajeni, kenako sukulu ya maofesala atakula kale, anzake a m'kalasi akumutcha atate. Mu 1991, ali kaputeni, anamutumiza ku kampu yaing'ono kufupi ndi Rufunsa kuti aziyang'anira galaja ndi sitolo ya asilikali olondera msewu wa kum'mawa. Zinali zaka zouma. Zitsulo zatsopano zinali kubwera mwa apo ndi apo, ndipo mwa malole asanu ndi anayi a kampuyo, oyenda sanali kupitirira asanu. M'chilala cha 1992 malole omwewo ndiwo anatuta chimanga chachikasu kupita kumidzi ya kuchigwa, ndipo Phinias anaidziwa misewu yonse ya kumeneko monga munthu adziwira mizere ya m'dzanja lake.

Kuseri kwa galaja kunali kamtsetse. Pamenepo anaikapo miyala iwiri yopaka laimu, yotalikirana mapazi khumi ndi awiri. Lole iliyonse yotuluka m'galaja inali kusenzetsedwa migolo ya madzi, n'kutsika kamtsetseko iye atakhala pambali pa dalaivala. Pa mwala woyamba dalaivala anali kuponda buleki, ndipo lole inayenera kuima isanafike pa mwala wachiwiri. Ikaima, Kaputeni anali kusaina chikalata cha ulendo. Ikapitirira, inali kubwerera m'galaja, ngakhale amene akuidikira akhale wa nyenyezi zingati. Asilikali malowo anawatcha Pachiweruzo.

Tsiku limene tikufuna kulikumbukira linali Lachiwiri, m'mwezi wa Okutobala 1994, dzuwa likuwotcha kuyambira m'mamawa. Pachipata cha kampu panafika amayi awiri atamanga zitenje m'chiuno ndi mipango kumutu. Mmodzi anali Edness, mlongo wake wamkulu wa Phinias. Wina anali Dorcas, mwana wa a Morgan, msuweni wake. Phinias atangowaona anavula chipewa, pakuti nkhope zinali zitanena kale uthenga: malume anamwalira dzulo lake masana kuchipatala cha mishoni.

Atalira pamodzi pang'ono, Edness anapukuta maso n'kunena chimene anadzera, akumuitana Phinias ndi dzina la mwana wake.

"Atate ake Mwiza, zonse ndakonza kale. Bokosi lilipo, anthu ali kuchipatala, akudikira. Dzulo lomwe ndinatuma munthu wa njinga ku Shikabeta kuti akumbe lero m'mamawa, chifukwa lole yanu ibweretsa thupi."

"Mwawauza kuti akumbe?"

"Nanga ndikanadikira chiyani? Tili ndi kaputeni pamtundu."

Phinias anadziwa tanthauzo lake. Kwawoko manda akakumbidwa sagona oyasama. Amati dzenje likagona lopanda mwini limaitana wina. Ife amene tinaunikiridwa timadziwa kuti masiku a munthu ali m'dzanja la Mlengi, osati m'kamwa mwa dzenje, ndipo Phinias nayenso anali kudziwa zimenezi. Koma anadziwanso kuti kumudziko kuli amayi ake, a Estina, nkhalamba ya maso akhungu, imene idzagona moyang'anana ndi dzenje la mlongo wake, anthu akunong'onezana kuti wotsatira ndani. Anadziwanso chimene kutentha kwa Okutobala kumachita ndi thupi. Malume anayenera kuikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Phinias atakapempha lole, mkulu wa kampu, Meja wina wamtima wabwino, sanavute konse.

"Pepani, Kaputeni. Tengani lole, tengani dizilo, tengani asilikali asanu ndi mmodzi. Chikalata mumasaina ndinu nomwe, ine sindifunsa."

Koma malole anayi anali atapita ku Lusaka kukatenga chakudya cha mwezi, ndipo lole yachisanu inali kumlatho wa Luangwa. Mwa malole otsala pakampu, yolira injini inali imodzi yokha, imene madalaivala anali kuitcha Nkhalamba. Inali m'galaja chifukwa paipi ya buleki ya tayala lina lakumbuyo inang'aluka, ndipo paipi yatsopano inapemphedwa miyezi itatu yapitayo.

Phinias anavula jekete, navala ovolosi, nagona pansi pa Nkhalamba. Paipiyo inali yosawotchereka, yodyeka ngati bango lofumbwa. Anaidula n'kuitseka ndi bawuti, kuti mabuleki azigwira pa matayala otsalawo. Kenako anaitana Kopolo Bornwell, dalaivala wa ku Kopala, kumigodi ya mkuwa, munthu wodziwa chiwongolero ndiponso wosatopa kulankhula. Anasenza migolo ya madzi, nakwera kamtsetse, natsika. Pa mwala woyamba Bornwell anaponda buleki ndi mwendo wonse. Lole inalira, inakokera kumanzere, n'kuima itaupitirira mwala wachiwiri.

Phinias anatsika n'kuyeza ndi mapazi ake. Anali anayi.

"Ba Kaputeni, anayi chabe!" anatero Bornwell atatulutsa mutu pawindo. "Mwina mbuzi za ba Sajeni zinausuntha mwalawo usiku."

"Bwereranso."

Anabwereza. Mapazi anayi ndi theka.

"Bwana, mverani ine. Phiri la ku Shikabeta ine ndimatsika ndi giya wani, buleki sindiikhudza n'komwe. Nkhalamba ndi mkazi wanga uyu, ndimamudziwa akakwiya."

"Nanga giya ikachoka pakati pa phiri, uli ndi anthu makumi anayi kumbuyo?"

Bornwell anakanda m'mutu. "Siichokachoka, bwana."

"Inachoka kangati chaka chino?"

"Kawiri. Koma kamodzi kanali kolakwa ine."

Amayi aja anali kuonerera ali pamthunzi wa sitolo. Dorcas, ngakhale maso anali otupa, sanaiwale kuti msuweni ndi mwamuna wa chibwana, amene umamunyoza ngakhale pamaliro.

"Amuna anga," anaitana, "nyenyezi zitatu paphewa, koma kalole kamodzi kakukukanikani? Atate anakulerani ndi sipanala m'manja. Lero muwatengera pa wilibala?"

"Akazi anga, ndipatseni kanthawi."

"Kanthawi mukapemphe kwa dzuwa, osati kwa ine."

Edness sanaseke. Anayandikira, ndipo ulemu wa pamaso pa asilikali unamuthawa.

"Iwe Phinias, lole ikuyenda iyi, ndaiona ndi maso anga. Ukufuna amayi agone ndi dzenje pakhomo chifukwa cha miyala yako yopaka laimu? Munthu anakulera, anakudyetsa, lero ukumuyeza ndi mapazi? Saina pepalalo tizipita!"

Phinias analowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Chikalata chinali patebulo, cholembera pambali pake. Panalibe woti amuletse. Meja anali atanena kale kuti safunsa. Mayesero aakulu, abale, sabwera ndi nkhope ya mdani. Amabwera ndi nkhope ya mlongo wako akulira, ndipo chimene akupempha n'chabwino. Phinias anali kuwakonda malume ake. Koma dzanja limene lasaina bodza kamodzi chifukwa cha chikondi lidzasainanso chifukwa cha mantha, ndipo pambuyo pake chifukwa cha ulesi chabe. Anagwada pambali pa mpando, napemphera mawu ochepa: kuti Ambuye asamulole kunama, ndiponso asalole kuti amayi ake achite manyazi. Zinthu ziwirizi anazipempha pamodzi, osasiyapo chimodzi.

Atadzuka anatambasula mapu, ngakhale msewuwo anali kuudziwa pamtima. Kuchokera pamsewu waukulu, njira ya ku Shikabeta imayenda mokwera ndi kutsika pang'onopang'ono mpaka pamalo amene anthu a kwawo amawatcha Kasongole. Mpaka pamenepo lole ya mabuleki atatu, yoyenda mofatsa, ikhoza kufika bwino. Kuyambira pa Kasongole njira imagwera kuchigwa mokhotakhota, phompho lili kudzanja lamanzere, kumene lole ija inali kukokera. Kuchokera pamenepo kukafika kumanda a kwawo ndi makilomita asanu ndi anayi. Anawerenga maola. Anthu onyamula bokosi, akamasinthana bwino, akhoza kuyenda mtundawo maola atatu ndi theka. Akafika pa Kasongole dzuwa litangopendeka, nthawi ikwana.

Pamenepo anatenga cholembera nalemba pachikalata kuti lole iyi iyende mpaka pa Kasongole basi, mosathamanga, ndipo isatsike phiri. Anasaina dzina lake pansi pa mawu amenewo, mtima uli m'malo.

Anatuluka ali munthu wina. Analamula kuti atsitse migolo n'kukweza mitengo iwiri ya tenti yaikulu, zingwe, machira awiri a odwala, zigubu zisanu ndi chimodzi za madzi akumwa, mchere pang'ono, ndi njinga ya kampu. Zonse analemba m'buku la sitolo kuti zibwerera mawa. Edness anaona mitengo ija koma sanafunse. Kwa iye chachikulu chinali chakuti injini yalira.

Kuchipatala anakweza bokosi ndi anthu. Phinias anawawerenga mmodzimmodzi pokwera, ndipo pamodzi ndi asilikali anakwana makumi anayi ndi atatu. Anawauza poyera kuti lole ikaima pa Kasongole, koma m'phokoso la maliro mawuwo anagwera pansi. Ena anayesa kuti akunena za kupumula. Ulendo unali wapang'onopang'ono, fumbi likuwapitirira m'malo motsalira kumbuyo. Nthawi zonse Bornwell akafuna kuwonjezera moto, Kaputeni anali kungoika dzanja pa bondo lake.

Anafika pa Kasongole dzuwa litapendeka pang'ono. Chigwa chonse chinaonekera pansi, chotuwa ndi utsi wa lupsa, ndipo patali madenga a mudzi anali kung'anima. Phinias anauza Bornwell kuti aimike pamalo athyathyathya. Anazimitsa yekha injini, naika kiyi m'thumba la malaya, nauza asilikali kuti aike miyala kumatayala. Msilikali mmodzi anamutuma pa njinga kuti akauze amuna a kumudzi adzawachingamire kumtsinje.

"Abale," anatero ataima kumbuyo kwa lole, "lole yafika pamene ndinailembera. Kuyambira pano tiyenda pansi. Okalamba tiwanyamula pamachira."

Panayamba chiphokoso. Bambo wina wachibale, atakhala pa tayala losinthira, anakuwa kuti, "Mudzi si uwo tikuuona? Mwatitengera kuno kudzatitaya m'phiri?" Wina anati asilikali amatero, dizilo akufuna akagulitse. Palibe anasuntha. Edness anatsika yekha, nabwera kudzaima pamaso pa mlongo wake.

"Ndinauza mudzi wonse kuti malume abwera pa lole ya boma, ngati munthu amene analera kaputeni. Lero alowe m'mudzi pamitengo, ngati nyama ya kuuzimba? Phinias, undichititsa manyazi amene sindidzawaiwala."

"Mlongo wanga," anayankha mofatsa, "kumunsi kuja akumba manda amodzi. Ine sindikawonjezera ena."

"Ndiwe Mulungu iwe, kuti udziwe kuti tigwa?"

"Sindikudziwa kuti tigwa. Ndikudziwa kuti lole iyi siima pamene ndaiuza kuti iime. Zimenezo ndaziona kawiri lero."

Anakwera m'lole, ndipo iye ndi asilikali ake anatsitsa bokosi mwaulemu, nalimanga pamitengo ija ndi mfundo zimene sizitereka. Kenako Kaputeni anawerama, naika mtengo wakutsogolo paphewa lake lamanja, pamwamba penipeni pa nyenyezi zija.

Woyamba kudumpha m'lole anali Dorcas. Anamanganso chitenje chake n'kutembenukira anthu.

"Tsikani, inu! Atate ndi anga, ndipo anyamuka kale. Tiyeni tikaone ngati nyenyezi za amuna angawa zimasenza katundu kapena n'zokongoletsa chabe."

Ena anaseka m'misozi, ndipo kuseka kuja kunamasula miyendo. Anatsika mmodzimmodzi. Amayi a chigwirizano anayambitsa nyimbo ya ulendo wa kumwamba, ndipo mzere unayamba kutsetsereka. Bornwell anatsala ndi lole, akudandaula kuti mkazi wake wanyozedwa pagulu.

Apa m'pamene ntchito ya zaka makumi awiri inaonekera. Phinias anagawa amuna m'magulu atatu a anthu asanu ndi mmodzi, aatali kutsogolo potsika kuti bokosi lisapendame. Mapazi mazana atatu alionse anali kuitana kuti asinthane, osaimitsa ulendo. Madzi anali kumwedwa pa nthawi yake, chikho chimodzi munthu aliyense, osati pamene munthu wafunira. Agogo awiri anayenda pamachira, mmodzi akukalipa njira yonse kuti akumugwedeza. Phinias mwini sanalole kusinthidwa kufikira mtsinje woyamba, ndipo atapuma gulu limodzi anabwereranso pamtengo. Malaya anamatirira paphewa. Poyamba linali thukuta, kenako sanalinso thukuta lokha.

Pa khona lachitatu, pamene njira imapanikizika pakati pa thanthwe ndi phompho, nyimbo inazilala yokha. Anthu anadutsa mmodzimmodzi, akuyang'ana kumanzere. Phinias sanatembenuke kuti aone nkhope ya Edness. Sitidzanena pano kuti lole ikanagwa, pakuti sitikudziwa. Mwina Bornwell akanaitsitsa bwinobwino ndi giya wani yake. Wolungama sadikira kuti tsoka limuchitire umboni. Amachita chimene waona kuti n'choona, ndipo zotsala amazisiya m'manja mwa Mwini moyo.

Pamtsinje wachiwiri anakumana ndi amuna a kumudzi oposa makumi awiri, amene anabwera mothamanga atamva uthenga wa wanjinga. Mapewa atsopano analowa pansi pa mitengo, ndipo ulendo unafulumira. Analowa m'mudzi dzuwa litakhala pansonga za mitengo, lofiira koma lathunthu.

A Estina anali atakhala pamphasa pakhomo pa nyumba ya maliro. Tsiku lonse anali atatchera khutu kudikira kulira kwa injini, ndipo m'malo mwake anamva nyimbo ikutsika phiri. Phinias anagwada patsogolo pawo n'kuwomba m'manja.

"Ndani?"

"Ndine Phinias, amayi. Tawabweretsa malume."

"Lole sindinaimve."

"Ndaisiya pa Kasongole."

"Yafa?"

"Siinafe, amayi. Sindinaikhulupirire paphiri."

Nkhalambayo inatambasula dzanja, nipapasa nkhope yake, khosi, mpaka phewa. Phinias anadzidzimuka pang'ono. Dzanjalo linakhala pamenepo kanthawi.

"Munanyamuka angati?"

"Makumi anayi ndi atatu. Mmodzi watsala ndi lole. Ena tonse tili pano."

"Ndiye ukugwadiranji? Dzuwa likupita. Kamuike mlongo wanga."

Anawaika a Morgan kuwala kukadalipo. Mlaliki wa pamudzipo anafupikitsa mawu, adzukulu anagwira makasu mwachangu, ndipo pamene mthumbira unali kuumbidwa, mthunzi wa phiri unali utangofika kumene m'mphepete mwa manda. Palibe dzenje linagona loyasama ku Shikabeta tsiku limenelo, ndipo palibe bodza linagona m'buku la galaja ku Rufunsa.

Anthu akubwerera kumudzi, Phinias anakhala pa chitsa kuseri kwa nkhokwe. Anamva mapazi. Anali Edness, atanyamula beseni la madzi ofunda ndi kansalu. Sanamuyang'ane kumaso.

"Vula malaya."

Anayesa, koma nsalu inali itagwirana ndi chilonda. Edness anainyowetsa pang'onopang'ono mpaka inamatuka, nathira mchere m'madzimo, nayamba kutsuka. Phinias analuma mano.

"Zikuwawa?"

"Pang'ono."

"Ziwawe. Unali wouma mutu uli mwana, ndipo boma langokuwonjezera." Anafinya kansalu, natsukanso, tsopano mopepuka. "Mawa pokwera phiri zigubu zija usanyamule ndiwe. Ndauza kale anyamata a m'mudzi muno kuti akuperekeze."